Funsani Tiyankhe: Tese yanga yabwezedwa, chatsala n'chiyani?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa ku Ulónguè m'boma la Angónia, ndipo ndili m'chaka chachinayi cha maphunziro a doutoramento (digiri yapamwamba kwambiri, ya PhD) pa yunivesite ina ya ku Maputo. Ndikufufuza momwe alimi a mbatata ya kachewere ku Angónia ndi Tsangano amasungira mbewu, ndipo ndidacheza nawo m'Chichewa. Ndalemba masamba oposa 200 m'Chipwitikizi, koma a orientador anga (ondiyang'anira pa kafukufukuyu) andibwezera tese (buku la kafukufuku wanga) ponena kuti siinafike pokaonekera pamaso pa júri (gulu la akatswiri oyesa tese). Kodi yunivesite imafuna chiyani kuti munthu amalize? Ndine Mphunzitsi wodandaula, Ulónguè.

YANKHO: Aphunzitsi, musataye mtima ndi chaka chachinayicho, chifukwa zaka zitatu zimene zimatchulidwa pa doutoramento ndi zoyambira chabe, ndipo munthu amene akuphunzira uku ali pantchito, kutali ndi Maputo makilomita oposa 1,500, nthawi zambiri amazipyola. Komanso dziwani kuti júri siwerengera masamba.

Chimene chimasiyanitsa tese ya doutoramento ndi dissertação imene mudalemba pa mestrado (digiri yachiwiri) n'chakuti tese iyenera kuwonjezera chatsopano pa zimene akatswiri akudziwa kale. Kufotokoza kuti alimi amasunga mbewu m'nyumba kapena amagula kumisika ya m'malire sikokwanira, popeza aliyense wa ku Tsangano angatiuze zimenezo. Muyenera kutha kunena m'ziganizo ziwiri funso limene mudafunsa, yankho limene mwapeza, ndi pamene yankholo likusiyana ndi zimene ena adalemba. Ngati ziganizo ziwirizo zikukuvutani, n'kutheka kuti vuto limene a orientador aona lagona pamenepo.

Koma ife taima kwambiri pa mawu anu akuti mudacheza ndi alimi m'Chichewa, chifukwa apa ndi pamene ofufuza ambiri akwathu kuno amapunthwa. Umboni wanu uli m'chilankhulo china, tese ili m'chilankhulo china, ndipo ambiri mwa amene adzakhale mu júri sadzamva Chichewa. Tiyerekeze kuti mayi wina adakuuzani kuti "mbewu yatopa". Mukangolemba m'Chipwitikizi kuti mbewuyo ndi yakale, mwataya zimene mayiyo amatanthauza, zoti mbewu yobwerezabwereza kubzala imayamba kubereka mochepa, zomwe akatswiri a zaulimi amazigwirizanitsa ndi matenda a mavairasi amene amaunjikana mu mbewuyo nyengo ndi nyengo. Choncho lembani mawu a mlimi monga adawayankhulira, kenako kumasulira kwake pansi, ndipo m'chaputala cha njira zofufuzira mufotokoze amene adamasulira ndi momwe mudatsimikizira kuti kumasulirako n'kolondola. Mawu amene mudajambula pafoni musawafufute mpaka zonse zitatha, ndipo musawasunge m'foni imodzi yokhayo.

Pamodzi ndi izi payenera kuoneka chilolezo. Credencial, kalata imene yunivesite idakupatsani kuti mukaonetse ku ofesi ya boma ndi kwa mafumu, komanso umboni wakuti mlimi aliyense adavomera kucheza nanu atauzidwa cholinga chake, ziikidwe m'ma anexo (zoonjezera za kumapeto kwa tese), ndipo mayina enieni a alimi abisidwe. Kwa owerenga amene akufufuza za umoyo wa anthu, lamulo ndi lolimba kuposa apa, chifukwa komiti yoona za bioética (kuteteza anthu ofufuzidwa) iyenera kuvomereza kafukufuku asanayambe, osati atatha.

Zina zonse zalembedwa mu regulamento (mndandanda wa malamulo) wa maphunziro anu, umene tikukupemphani kuti muutenge ku secretaria ndi kuuwerenga muli ndi cholembera m'manja. Mapulogalamu ambiri a doutoramento amafuna kuti mukhale mutasindikiza artigo (nkhani ya kafukufuku wanu) imodzi kapena zingapo m'magazini a akatswiri musanapereke tese, ndipo popeza artigo imatha miyezi yambiri ikuunikidwa, amene amaisiyira kumapeto amadikira ndi tese yomaliza kale m'manja. Mudzapezamonso kalembedwe kovomerezeka ka magwero, resumo (chidule cha tese) ya m'Chipwitikizi ndi ya m'Chingerezi, ndi declaração de honra imene mumasainira kuti ntchitoyo ndi yanu ndipo siinaperekedwepo kwina kuti mupezere digiri. Mayunivesite ambiri tsopano amadutsitsa tese pa pulogalamu ya kompyuta yofufuza zokopera, ndipo ndime za dissertação yanu yomwe, mukazibwereza osatchula, zikhoza kukugwiritsani.

A orientador akavomereza mwa kulemba, yunivesite imasankha júri, mmene kawirikawiri mumakhala akatswiri ochokera ku mayunivesite ena. Defesa, pamene mumateteza tese pamaso pa júri, imachitika poyera, ndipo ngakhale mwakhoza, nthawi zambiri amakupatsani zokonza ndi tsiku loti mupereke buku lomaliza ku laibulale. Digiri imadikira zimenezo, ndiye phwando la ku Ulónguè musafulumire kuitanira anthu.

Pakali pano, alembereni a orientador mwaulemu kuti akutumizireni zofooka za tese mwa kulemba, chaputala ndi chaputala, ndipo mugwirizane nawo tsiku limene mudzabweze chilichonse. Mukamatumiza kalatayo, muikemo ziganizo ziwiri zija.