Mkazi wa m'masewera musiyeni, funsani amene akudina foni 2 koloko usiku

Makalata ambiri amene ndalandira mwezi uno ndi a kandege ndi kubetcha mpira. Bambo wadya ndalama ya lendi, bambo wapinyolitsa wailesi, bambo walowa katapila. Ena mwa amenewo ndidzawayankha m'tsogolomu. Lero ndatenga kalata iyi chifukwa cha mawu ochepa amene mwini wake anangowaponya chakumapeto, osadziwa kuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndakhala pabanja zaka 12 ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga amagwira ntchito ya mashifiti pamalo ena omwetsera mafuta galimoto, ine ndimagulitsa kaunjika. Chaka chatha anayamba masewera ena a pa intaneti, a zigawenga. Sachita kuwaika m'foni, amangotsegula pa Chrome basi. M'menemo iwo ndi bwana wa gulu la mbava: amaba galimoto, amathyola mabanki, amawomberana ndi magulu ena, nthawi zina amatsekeredwa m'ndende, zonsezo zongolemba. Akuti gulu limene lapambana mpikisano ukatha limagawana madola enieni. Kamodzi anapatadi kangachepe, anandigulira chitenje ndi nsapato, ndipo ndisaname, ndinasangalala. Koma kuchokera pamenepo ndi kulowetsa kokhakokha. Amapereka makwacha kwa mnzawo wina amene ali ndi khadi ya Visa kuti aziwagulira mphamvu za m'masewerawo. Ndalama imene ndinakongola kubanki mkhonde kuti ndikapikule belo, theka linathera komweko.

Koma chimene chandilembetsa ndi ichi. Ndapeza kuti m'masewerawo anakwatira. Mkaziyo akuti ali ku Philippines, amalemberana mpaka mbandakucha, amatchulana mayina achikondi amene ine anasiya kale kunditchula. Nditafunsa anangoseka, akuti ukwati wake ndi wongowonjezera mapointi. Akakhala pa shifiti ya usiku amasiyira foni yakale mwana wathu wamkulu, wa Sitandade 6, kuti aziwadinira nthawi ikakwana, ndiye ndinaona mauthengawo mwanayo atagona foni ili m'manja. Iye sananenepo kanthu chifukwa bambo ake anamuuza kuti ndi za amuna. Azakhali, kodi chimenechi si chibwenzi? Ndiitane ankhoswe, kapena ndimulembere mkaziyo ndimusambwadze?

Mayi wozunguzika, Lilongwe

Amayi,

Mkazi wa ku Philippines musamulembere. M'masewera otere dzina ndi chithunzi munthu amachita kusankha yekha, ndiye mutha kutha bandulo yanu kutukwana bambo wandevu zake amene akuseka ali chigonere. Zoti ukwati ulimo m'masewera a mtundu umenewu amuna anu sananame. Ngakhale mu Torn, masewera a zigawenga ochokera ku Britain amene akhalapo kuyambira 2004, osewera amafunsirana ndi kukwatirana, ndipo zimawerengedwa ngati mbali ya masewerawo. Pamene anama ndi pa mauthenga. Mapointi safuna kuti munthu alembe mawu achikondi mpaka tambala kulira. Ndiye yankho la funso lanu ndi lakuti inde, mtima wawo wasokonekera, ndipo zimenezo mukambirane. Koma pa zinthu zitatu zimene zili m'kalata yanu, ichi ndi chaching'ono kwambiri.

Za ndalama nazo ndikufotokozereni, chifukwa ndikuona kuti chitenje chija chinakutsekani m'maso. Masewera amene amalonjeza madola amayenda mwa mipikisano. Mpikisano ukatha opambana amalandira zawo, kenaka zonse zimafufutidwa, aliyense n'kuyambiranso opanda kanthu. Galimoto zimene amuna anu anaba, zipolopolo zimene anagula ndi ndalama ya belo yanu, zonse zimapita ndi mpikisanowo. Nanga mphotoyo imachokera kuti? M'matumba a osewera omwewo. Eni masewera amagulitsa mphamvu ndi mwayi wodina kangapo kuposa anzako, amachotsapo zawo, n'kuika kagawo pamwamba kuti anthu azilimbirana. Amene amafika pamwambapo kawirikawiri ndi amene alowetsa zambiri. Tsono taganizani: amuna anu, amene amalandira makwacha, akupikisana ndi anthu amene amalandira madola, mapaundi ndi mayuro. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika cha m'ma K1,700 kubanki, ndipo mnzawo wa Visa uja sindikukhulupirira kuti amawawerengera pa mtengo wa kubanki. Kwa mnzawo wa ku London madola khumi ndi ndalama ya nkhomaliro. Kwa inu ndi ndiwo za masiku angapo.

Ndipo zimene munthu amagula m'menemo si zake. Mafia Wars, masewera a kampani ya Zynga amene anayamba mu 2008 n'kutchuka kwambiri pa Facebook, anatsekedwa mu 2016. Anthu amene anataya zaka ndi ndalama kumanga maufumu awo m'menemo anadzuka tsiku lina n'kupeza chitseko chotseka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Amuna anu sindiwamvera chisoni, ndipo musayembekeze kuti ndinene kuti mwina amatopa kuntchito, mwina akusowa wocheza naye. Munthu amene watenga ndalama ya ngongole ya mkazi wake n'kukagula zipolopolo zongojambula akudziwa chimene akuchita. Atapata kamodzi anathamangira kukugulirani chitenje chifukwa ankadziwa kuti akugula chilolezo.

Tsopano tibwere kwa mwana.

Mwalemba za iye m'mizere itatu, ndipo mwamutchula pongofuna kufotokoza mmene munaonera mauthenga. Werenganinso mawu anuwo: "mwanayo atagona foni ili m'manja." Kodi munafunsa kuti amadina kangati usiku umodzi? Masewera amenewa anapangidwa mwadala kuti munthu asapume. Umachita upandu umodzi, n'kudikira mphindi zingapo kuti uchitenso wina. Mu Torn muja mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, mapointi 5 pa mphindi 15 zilizonse, ndipo zikadzaza osazigwiritsa ntchito, zotsatirazo zimangotayika. Masewera ena ambiri a mtundu umenewu ali ndi wotchi yawoyawo yotere. N'chifukwa chake amuna anu anafuna wowalondera usiku, ndipo mlonda amene anamupeza ndi mwana wa zaka mwina 11, amene madokotala amati ayenera kugona maola 9 mpaka 12, amene m'mawa mwake akuyenera kukakhala m'kalasi n'kumva masamu. Kwatsala zaka ziwiri zokha kuti alembe mayeso a Sitandade 8.

Komanso m'masewerawo sali yekha. Muli anthu akuluakulu a m'mayiko osiyanasiyana amene amalemberana zotukwana, zoopsezana, zolaula, poganiza kuti akulankhula ndi bwana wa gulu. Amene akuwerenga ndi mwana wanu. Mauthenga amene inu munawaona kamodzi n'kusowa tulo, iye wakhala akuwaona usiku uliwonse bambo ake akakhala pa shifiti. Mkaziyo akalemba 2 koloko usiku, uthengawo umafikira m'manja mwa ndani? Munafunsa ngati anauzidwanso kuti aziyankha?

Apa ndiye pali chinthu chimene ine ndakhala ndikulimbana nacho m'makalata ambiri, ndipo sindidzatopa nacho. Mwana sasungitsidwa chinsinsi cha kholo lake. Kholo limene lauza mwana kuti "usawauze amayi ako" lamulanda amayi akewo, chifukwa kuyambira tsiku limenelo mwanayo sangakhale nawo pansi momasuka. Amayamba kuyeza mawu asanalankhule. Amayi ake akamufunsa kuti bwanji maso afiira, ayenera kusankha wonamiza ndi wopereka, ndipo onse awiri ndi makolo ake. Munthu wamkulu zimenezi zimamudwalitsa, nanji mwana. Ndiye amayamba kukhala chete, ife n'kumati mwanayu akukula, wayamba ulemu, pamene akungoopa kuti pakamwa pangapulumuke mawu.

Ndipo bambo akamati "ndi za amuna" akuphunzitsa phunziro lina pamwamba pake: kuti kukhala mwamuna ndi kubisira mkazi, kuti ndalama ya m'nyumba ikhoza kutuluka mwakachetechete bola amuna agwirizana, kuti mawu achikondi amalembedwera wakunja. Mwana amaphunzira msanga zimene wapatsidwa ngati ulemu. Iye akuona kuti bambo ake amukhulupirira, amukweza, amulowetsa m'gulu la akuluakulu. Zaka khumi zikubwerazi mkazi wina adzandilembera kalata yonena za iyeyo.

Makolo athu sanali opusa poika ankhoswe. Ankadziwa kuti banja lili ndi zinsinsi, ndipo anasankha anthu akuluakulu oti azisenze: malume, achimwene, azakhali, anthu oti akamva nkhani sagwa nayo. Mwana ankauzidwa kuti apite akasewere. Lero tatembenuza. Ankhoswe timawabisira poopa manyazi, mwana ndiye timamuuza zonse chifukwa sangatidzudzule.

Musaganize kuti ndikunena abambo okha. Amayi ndiye timachita zimenezi tsiku ndi tsiku osaziona ngati kanthu. "Ukawauze a ngongole kuti ndachokapo." "Usawauze bambo ako kuti ndagula nsalu." "Bambo ako akamalankhula pafoni uzimvetsera, udzandiuze." Wina amatuma mwana kukapereka kalata kwa chibwenzi, wina amamutenga popita kumalo osayenera kuti anthu asakayikire. Ndamvapo amayi akudzitama kuti mwana wanga wamkazi ndi mnzanga, ndimamuuza zonse. Mwana wa zaka 12 si mnzanu. Anzanu ali kutchalitchi, kumsika, kubanki mkhonde. Mwanayo akumva zonsezo chifukwa alibe kothawira.

N'chifukwa chake ndikukuchenjezani inu amene, chifukwa ndikuona kumene mtima wanu ukulowera. Mwapeza kuti foni imagona m'manja mwa mwana, ndipo simunanene paliponse kuti munamulanda. Ndikukayikira kuti mwaisiya dala, chifukwa ndi zenera lanu loonera mauthenga a mkazi uja. Ngati ndi choncho, ndiye kuti mwanayo tsopano ali ndi mabwana awiri: wina akumugwiritsa ntchito ya ulonda, wina ya ukazitape. Mukadzayamba kumufunsa kuti "lero analemba chiyani?" mudzakhala mwachita chimodzimodzi chimene bambo ake anachita. Kalata yanu yaika nsanje patsogolo, ngongole pakati, mwana kumapeto. Ine ndikanayamba ndi mwana, ndipo ndikudabwa kuti mayi amene anaona mwana wake atakomoka ndi tulo foni ili m'manja, chimene anathamangira ndi kuwerenga zimene zinali pafonipo.

Chitenje chija nachonso musachiiwale. Simunafunse kuti ndalamazi zachokera kuti, zalowa zingati kuti zituluke zimenezi. Munavala. Sindikunena kuti mlandu ndi wanu, koma pamaso pa ankhoswe amuna anu adzachitchula, ndiye muyambe ndinu kuchitchula.

Zochita zake si zambiri. Usiku uno foniyo ichoke m'manja mwa mwana, ndipo mumuuze mawu awiri okha: kuti sanalakwe, ndi kuti m'nyumba muno palibe chinthu chimene mwana amaletsedwa kuuza amayi ake kapena bambo ake. Musamufunse mafunso ngati wapolisi, musamuimike ngati mboni. Bambo ake ndi amene ayenera kupita kwa iye kukabweza mawu aja akuti "za amuna", inu mulipo. Akakaniza foni ponena kuti gulu lawo ligwa, akumbutseni kuti masewera ambiri otere amaletsa anthu awiri kugwiritsa ntchito akaunti imodzi, ndipo eni ake akazindikira amaitseka, ndalama zonse zimene zinalowa n'kupsa.

Ankhoswe aitaneni, koma nkhani muiyale motere: mwana, ndalama, kenaka mkaziyo. Mukayamba ndi mkazi wa m'masewera akuluakulu adzaseka, amuna anu adzaseka nawo, mlandu n'kuthera pomwepo. Pitani ndi pepala lolembapo ndalama zimene zatuluka, mwezi ndi mwezi, pambali pake zimene zinalowa. Mnzawo wa Visa uja atchulidwe dzina pabwalopo. Ndalama ya geni yanu isadutsenso m'manja mwawo mpaka ngongole ya banki mkhonde itatha, ndipo theka limene anadya abweze kuchokera pa malipiro awo, tsiku lake lidziwike. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba yanu musinthe lero.

Akalonjeza kusiya koma n'kulephera, musathamangire kunena kuti awalodza. Bungwe la World Health Organization linaika vuto lokanika kusiya masewera otere m'ndandanda wa matenda mu 2019, ndipo zizindikiro zake ndi kulephera kudziletsa, kuika masewera patsogolo pa zonse, ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuwonongeka. Zikafika pamenepo apite kuchipatala akaonane ndi a zamaganizo, mkulu wawo kapena nkhoswe yawo awaperekeze, osati inu nokha.

Lolemba m'mawa, musanapite kumsika, dzerani kusukulu. Mukafunse aphunzitsi ake ngati mwanayo amasinza m'kalasi, kuti anayamba liti, ndipo mupemphe kuona makope ake a teremu ino ndi yathayi.

Azakhali