Amayi, mwana wanu si wopusa, chamusokoneza ndi katrayango kaja

Mayi wina wa ku Bangwe wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 amagwetsa misozi akafika pa masamu a speed (liwiro) ndi density (kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake), ndipo MSCE ikumuopsa kale. Amayi, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa inenso ndinalirapo pa masamu omwewa.

Ndinakulira ku Ndirande. Mayi anga ankagulitsa ufa ndi nyemba mumsika, sukulu analekezera Sitandade 4. Koma akagula thumba la chimanga la makilogalamu 50, asanafike n'komwe kuchigayo anali atadziwa kale kuti kilogalamu imodzi yawadyera zingati, ndiponso kuti mbale imodzi agulitse bwanji kuti asaluze. Rate ndi imeneyo: ndalama zingati pa kilogalamu iliyonse, monga momwe speed ilili makilomita angati pa ola lililonse. Ine mwana wawo wa kusekondale ndinkalephera zomwezo papepala, chifukwa aphunzitsi athu anangojambula pabolodi katrayango ka D (mtunda), S (liwiro) ndi T (nthawi) n'kutiuza kuti tiloweze. Tinalowezadi. Mayeso atabwera ndi funso la mpopi wodzaza thanki, katrayango kaja sikanandithandize, ndipo malo a yankho ndinawasiya oyera. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndinene mosabisa, katrayango kameneka kawononga ana ambiri. Kamakwirira mawu amene ali phata la nkhani yonse: "pa ola lililonse", "pa lita iliyonse". Mwana akaona 60 km/h ayenera kumva kuti makilomita 60 pa ola lililonse, basi. Chomvetsa chisoni n'chakuti masamuwa amabwera m'Chingerezi, ndiye mwana amaganiza kuti ndi zachilendo, chonsecho zadzadza m'nyumba mwake. A Blantyre Water Board amalipiritsa madzi pa cubic metre iliyonse, yomwe ndi malita 1,000. Mafuta ophikira akamayandama pamadzi mukutsuka poto, ndi density imeneyo: lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ya mafuta siyifika pamenepo. Ngakhale wakabaza amakutchulirani mtengo ataona kutalika kwa ulendo, ndipo palibe anamujambulira katrayango.

Msampha wa average speed

Galimoto yayenda makilomita 120 pa liwiro la 60 km/h, n'kubwerera pa 40 km/h. Akafunsidwa average speed, kutanthauza liwiro la ulendo wonse, ana ambiri amathamangira kulemba 50. Ayi ndithu. Popita yatenga maola 2, pobwera maola 3, ndiye makilomita 240 m'maola 5, yankho ndi 48 km/h. Latsika chifukwa galimotoyo yakhalitsa pamsewu pamene imayenda pang'onopang'ono.

Tsono amayi, muuzeni azitchula mayunitsi mokweza m'Chichewa asanagwire cholembera. 72 km/h ndi mamita 72,000 m'masekondi 3,600, akagawa apeza 20 m/s. Madzulo ano mupatseni bilu ya madzi ya mwezi watha, akuwerengereni kuti lita imodzi munaigula zingati.