Kasokedwe ka chiberekero pa opaleshoni yachiwiri

Amayi a ku Katete, mwafunsa ngati kasokedwe ka dokotala kamakhudza kupola kwa chiberekero pa opaleshoni yachiwiri yotulutsa mwana. Eya, kamakhudza ndithu.

Madokotala ena amasoka mzere umodzi, ena iwiri. Pa sikani zimaoneka kuti akasoka mizere iwiri, ulusi osaukoka mothinitsa, chipsera chimakhuthalako. Ulusi wothina umatsekereza magazi, ndiye nthawi zina pamatsala kadzenje, kamene kamachititsa timagazi kumadonthabe mutatha kusamba. Chipsera cha pamimbacho chisakunamizeni, cham'kati chimapola mwakemwake.

Koma ine ndingalimbikire za nthawi. Papite miyezi 18 mpaka 24 musanaimenso. Tsiku likayandikira, mukachilire kumene amachita opaleshoni, monga ku St Francis kapena Chipata Central, osati kudikira matenda kunyumba.