Chifukwa chake anyamata amakonda mafilimu a mazombi

Achimwene, mwafunsa chimene chimadzadzitsa anyamata a pa Lizulu m'zipinda za vidiyo kukakhala filimu ya mazombi, anthu akufa odzuka n'kumadya amoyo. Ine ndikuona kuti nkhani yagona pa mphamvu.

Taganizani mnyamata wolima kachewere ku Tsangano. Feteleza wakwera, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa thumba la kachewere amadula ndi mavenda. Omusautsa saoneka, sangawagwire pakhosi. Koma mufilimu mdani ali pamaso pompo, akuyenda modzikoka, ukamuphwanya mutu basi wathana naye. Boma, mabanki, ngongole za katapila, zonse zapita. Wodziwa kugwira chikwanje ndi kusunga chimanga ndiye mfumu, wadigiri akumupempha chakudya. Munthu amene makalata ake ofunsira ntchito sayankhidwa angalekerenji kukondwa?

Komanso nkhani za mazombizi zinachokera ku dziko la Haiti, pakati pa zidzukulu za akapolo olima nzimbe, omwe ankaopa kudzutsidwa kumanda kuti azikagwira ntchito yopanda malipiro, monga zija za ndondocha ankatiuza agogo. Za mazombi odya anthuzi anazitchukitsa wopanga mafilimu George Romero mu 1968. Ndiye ena akamaonera amadziona mwa zombi yomweyo, makamaka aganyu.