Tokoma ta ana pa St Patrick's Day m'nyumba mopanda uvuni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa mumzinda wa Limerick ku Ireland. Ana awo awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 4, auzidwa kusukulu kuti abwere ndi kachakudya kobiriwira pa phwando la St Patrick, woyera amene dziko la Ireland limamukumbukira pa 17 Malichi, koma m'nyumba ya lendi imene akukhala mulibe uvuni. Mawu awo omaliza ndi amene andikhudza: "Ndikuopa kuti ana anga akachita manyazi pamaso pa anzawo."

Mayi, manyaziwo achotseni kaye. Tokoma timene ana a ku Ireland akhala akudya pa maphwando kwa zaka zambiri sitilowa mu uvuni n'komwe. Rice Krispie buns, top hats (marshmallow wathunthu woimika pa chokoleti), chocolate biscuit cake, fifteens, zonsezi amazikonza pamanja n'kuziika m'furiji basi. Mukapita nazo kusukulu, aphunzitsi sadzaganiza kuti mwaperewera. Adzakumbukira ubwana wawo.

Chimene chikukusowetsani mtendere ndi zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram, makeke a nsanjika okhala ndi utawaleza, tizipewa ta leprechaun (kamunthu ka m'nthano za ku Ireland), chilichonse chomizidwa mu utoto. Zambiri mwa izo n'zochokera ku America, kumene mzinda wa Chicago umathira utoto wobiriwira mumtsinje wake pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1962. Ku Ireland kwenikweni, pa 17 Malichi kale linali tsiku la Misa ndi chakudya cha pabanja, ndipo linakhala tchuthi cha boma mu 1903. Patrick mwini wake sanali mbadwa ya dzikolo. Anabadwira ku Britain, achifwamba anamugwira ali ndi zaka 16, anaweta ziweto ku Ireland monga kapolo zaka zisanu ndi chimodzi, anathawa, kenako anabwerera mwakufuna kwake kukalalikira kwa anthu omwewo. Mwambo umati ankagwiritsa ntchito tsamba la shamrock, la timasamba titatu pa kaphesi kamodzi, pofotokoza za Utatu Woyera. Ndimaona kuti mwana wobwera kuchokera kudziko lina, amene nthawi zina amafunsidwa kuti kwanu n'kuti, ayenera kumva kuti munthu amene dziko lonse likumulemekeza tsikulo anafika ngati mlendo. Muwafotokozere zimenezi manja ali m'mbale, adzazigwira bwino kuposa m'kalasi.

Ndipo sindigwirizana ndi zoti mayi azikhala maso mpaka pakati pausiku kukongoletsa yekha tinthu kuti tioneke ngati togula. Ngati ana sanagwireko, ntchitoyo si yawo. Kachidutswa kopindika kamene mwana wadula yekha amakanyamula monyadira.

Kumbukiraninso kuti pa 17 sukulu zimatseka, choncho phwando limachitika tsiku lomaliza la sukulu tchuthicho chisanafike. Funsani aphunzitsi tsiku lenileni, ndipo muwafunsenso zinthu ziwiri. Sukulu zambiri siziloleza chakudya chokhala ndi mtedza, choncho werengani pa pepala la chokoleti ndi la mabisiketi. Komanso marshmallow ambiri amapangidwa ndi gelatine wa nkhumba, ndipo m'kalasi mungakhale ana achisilamu. Marshmallow opanda gelatine alipo m'masitolo ena.

Fifteens, amene ndikukulangizani

Awa ndi a ku Northern Ireland, ndipo dzina lake likuchokera pa muyeso: mabisiketi a digestive 15, marshmallow 15, ma glacé cherry (tizipatso ta cherry toviika m'manyuchi a shuga) 15. Onjezerani kondensi wokwana 150 ml, pafupifupi theka la chitini cha 397 g, ndi kokonati wouma wopalapala 80 g. Wa zaka 4 ntchito yake ndi kuwerenga mpaka 15 katatu.

Ikani mabisiketi m'jumbo yolimba, chotsani mpweya, mangani, ndipo mwana aphwanye ndi botolo mpaka akhale ngati gaga, koma tizibenthu tingapo titsale. Wamkuluyo adule marshmallow pazidutswa zinayi ndi sizasi yoviika m'madzi otentha pang'ono, apo ayi imamata. Ma cherry muwatsuke manyuchi ake, muwaumitse, muwadule pakati. Sakanizani zonse m'mbale yaikulu, ndipo kondensi muzithira pang'onopang'ono, osati kamodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akachuluka, zimakhala phala ndipo sizidulika. Akachepa, zimayoyoka pa mpeni. Finyani pang'ono m'dzanja: zikagwirana popanda kutuluka madzi, zakwana.

Kubiriwira kuchokere ku kokonati. Muike m'jumbo ina, donthezani madontho atatu kapena anayi a utoto wa zakudya osungunula mu theka la supuni yaing'ono ya madzi, ana akhutchumule mpaka mtundu ufalikire. Yalani pulasitiki ya cling film patebulo, wazani kokonatiyo, umbani chosakanizacho ngati soseji yaikulu, chigubuduzeni pa kokonati, kulungani molimba n'kupota mbali zonse ziwiri. M'furiji chikhale maola osachepera anayi, koma usiku wonse ndi bwino. M'mawa dulani zidutswa 15 ndi mpeni wakuthwa. Zimasungika masiku anayi kapena asanu m'kontena yotseka m'furiji.

Pa wamng'onoyo samalani. Marshmallow wathunthu ndi mphesa yathunthu zimatsamwitsa ana osakwana zaka 5, chifukwa zimatseka kummero ndendende. Ngati phwando lake ndi la ku crèche (kosungirako ana aang'ono), siyani top hats, ndipo fifteens ake mupange opanda marshmallow, muchepetse kondensi. Azidya atakhala pansi.

Mukafuna zachangu, sungunulani chokoleti 200 g mu microwave masekondi 20 nthawi iliyonse, mukutakasa pakati, thirani Rice Krispies 100 g, gawani m'timapepala ta makeke 12 kapena 15, pamwamba Smartie wobiriwira. Koma musayese kubiriwitsa chokoleti choyera ndi utoto wamba wa m'kabotolo. Utoto umenewo ndi wa madzi, ndipo kadontho kamodzi ka madzi kamanyowetsa shuga wa m'chokoleti n'kuchisandutsa chibuma chosatakasika. Pamafunika utoto wa mafuta. Supuni ndi mbale nazo zikhale zouma gwa.

Ngati sukulu ili ndi lamulo la zakudya zopatsa thanzi, kapena banja lanu lasala zotsekemera popeza tsikuli limagwa m'nyengo ya Lenti, yalani mbendera ya Ireland pa thireyi: kiwi kumanzere, nthochi pakati, manachesi kumanja. Nthochi muidule m'mawa womwewo ndi kuifinyira ndimu kuti isade, ndipo mphesa zobiriwira, mukaziwonjezera, muzidule chamlitali pazidutswa zinayi.