Za half dollar ya 1943 ija: chonde musaitsuke

Achemwali, mwafunsa ngati ndalama mwaipeza m'sutikesi ya malemu agogo ndi ya siliva, kuti ili pa giredi yanji, komanso komwe mungakaigulitse ku Lilongwe. Ndiyankhapo za ndalamayo, chifukwa ndimatolera zoterezi kuchokera pamene ndinkakhala ku Indiana.

Choyamba, amene akukuuzani kuti muikweche ndi phulusa, mandimu kapena mankhwala otsukira mano, musawamvere ngakhale pang'ono. Ndalama yakale si mphika. Ine zinandionekera. Ndinali ndi ina ngati yanuyi, koma ya 1938 yokhala ndi chilembo D chosonyeza kuti anaisulira ku Denver, imene anasula zosakwana theka la miliyoni. Inali yoderapo m'mbali, ndiye ndinaipukuta ndi soda ndi kansalu mpaka inachita mbee. Nditapita nayo kwa bambo wina wogula ndalama zakale, anangoiyang'ana ndi kagalasi, n'kuipendeketsa pa getsi, n'kundionetsa timizere tambirimbiri tokandika ngati ulusi. Anandiuza mtengo wosafika theka la umene akanandipatsa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndalama imene inakhala bwinobwino zaka zonsezo ndinaiwononga ndi manja anga m'mphindi zisanu. Kuda kuja otolera amakukonda, ndiye umboni woti palibe anaiseweretsa. Chimene chachoka pamwamba pa siliva sichibwereranso.

Ndalama yanuyo ndi half dollar (theka la dola) ya ku America, amaitcha Walking Liberty. Mayi akuyenda cha kotulukira dzuwa atafunda mbendera, kuseri kuli chiwombankhanga. Anaisula kuyambira 1916 mpaka 1947 ndipo anajambula ndi Adolph Weinman. Ngati ndi yeniyeni, magawo 90 pa 100 ndi siliva, otsalawo ndi mkuwa. Pitani nayo kwa okonza ndolo ndi mphete akakuikireni pa kasikelo kawo. Iyenera kulemera magalamu 12.5, kapena kuchepera pang'ono ngati inayenda m'manja kwambiri, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 30.6. Yesaninso maginito. Ikangokakamira, ndi yabodza basi. Koma kusakakamira sikutanthauza kuti ndi siliva, poti mkuwa nawonso sugwira maginito, ndiye sikelo ndi imene ndimaikhulupirira.

Tembenuzani kuseri muyang'ane pansi kumanzere, pafupi ndi m'mphepete, kufupi ndi pamene mawu oti HALF DOLLAR akuyambira. Mukaona D ndiye kuti anasulira ku Denver, S ndi San Francisco, pakakhala popanda kanthu ndi Philadelphia. Pachithunzi chanu sindikuonapo chilembo. Tizilembo AW tili kumanja kunsi kwa nthenga tisakusokonezeni, ndi dzina la wojambula uja.

Apa ndiye pokhumudwitsa. Mu 1943 ku Philadelphia kokha anasula zoposa 53 miliyoni, choncho si yosowa ayi. Zosowa ndi monga za 1921, makamaka ya D imene anasula 208,000 zokha. Imeneyo ngakhale yofufutika imapita madola mazana angapo.

Za giredi, amawerenga kuchokera 1 mpaka 70. Kuyambira 60 ndi ndalama imene sinayendepo m'manja. Pa mtundu uwu malo oyamba kutha ndi pachifuwa pa mayiyo, dzanja lake lamanzere limene lanyamula nthambi, ndi mizere ya siketi pamwendo wakutsogolo. Kuseri yang'anani nthenga za pachifuwa cha mbalame. Yanuyi mizere ya m'mbali mwa siketi ikuoneka koma pamwendo pasalala, ndipo pachifuwa cha mbalame pafufutika. Ine ndingaiike pa Very Fine, kuzungulira 20 mpaka 30. Komabe chithunzi munajambula ndi flash ndipo yabisa zambiri. Jambulaninso masana pafupi ndi windo, mbali zonse ziwiri, mutaigoneka pa kansalu kofewa. Pogwira muzigwira m'mphepete, osati kupana ndi zala pankhope pake.

Pa giredi imeneyo mtengo wake umangotsatira siliva. Mkati mwake muli siliva wokwana pafupifupi 0.36 ya ounce, ndiye onani mtengo wa siliva tsiku limenelo pa intaneti muchulukitse ndi 0.36. Mwachitsanzo ounce itakhala madola 30, ndalama yanu ndi pafupifupi madola 11. Wogula adzafuna kudyapo, ndiye adzatsitsa ndithu.

Wina wanena kuti muitumize ku PCGS kapena NGC, makampani a ku America opereka magiredi a ndalama, akaipime. Makampani amenewo ndi odalirika, koma kwa ndalama iyi n'kutaya ndalama. Kupimitsa kokha ndi madola makumi angapo, kuwonjeza kulembetsa ndi kutumiza ku America n'kubweranso, mudzalipira kangapo kuposa mtengo wa chinthucho. Kumeneko timatumiza zosowa kapena zimene zikadali ndi kuwala kwa kofakitale.

Chenjeraninso ndi amene ayambe kukulemberani kumbali tsopano poti mwaika chithunzi pagulu. Adzakuuzani kuti pali mzungu akuifuna pa mamiliyoni, koma muyambe mwatumiza kangachepe ka satifiketi kapena ka mayendedwe. Wogula weniweni sakulipiritsani. Ndiponso musalole aliyense aikande ndi fayilo kapena kuidontheza asidi poti akuyesa siliva, chilemacho chidzakhala mpaka kalekale.

Mukabwerera ku sutikesi ija, fufuzani bwino ngati mulinso zina. Za belu kuseri, za Benjamin Franklin, kuyambira 1948 mpaka 1963, nazonso ndi siliva 90 pa 100. Za Kennedy ndiye zimapusitsa anthu ambiri. Ya 1964 ndi siliva ngati yanuyi, kuyambira 1965 mpaka 1970 ndi 40 pa 100 yokha, ndipo zoyenda m'manja kuyambira 1971 zilibe siliva, m'mphepete mwake mumaoneka mzere wofiirira wa mkuwa.

Ndikanakhala ine sindikanagulitsa. Ndalama mungapezepo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kukhala ndi chinthu chimene agogo anachisunga. Ikulungeni m'kaenvulopu kapepala, osati m'pulasitiki yofewa ija chifukwa imasiya utoto wobiriwira pa siliva, ndipo muiike pouma. Zithunzi zatsopanozo mukajambula ikani pompano ndionenso dzanja lamanzere lija.