Kusadziwa Kusambira Sikungakuletseni Ntchito pa Nsanja ya Mafuta

Achimwene, musataye mtima, chifukwa kusadziwa kusambira sikungakulepheretseni kugwira ntchito pa nsanja yokumbira mafuta ndi gasi pakati pa nyanja. Chimene olemba ntchito amafuna ndi satifiketi ya maphunziro a chitetezo otchedwa BOSIET, ovomerezedwa ndi bungwe la OPITO, omwe amatenga pafupifupi masiku 3, ndipo satifiketiyo imagwira ntchito zaka 4.

Gawo limene ambiri amaliopa ndi la HUET, lophunzira kutuluka m'helikopita yopita ku nsanja ikagwera m'madzi. Amakukhazikani m'chibokosi chofanana ndi helikopita mutamanga lamba, kenaka amachimiza m'dziwe n'kuchitembenuza chadodolido. Ine nditalowamo koyamba, madzi atadzaza m'mphuno, mtima unagunda kwambiri, koma chimene chinanditulutsa sichinali luso losambira ayi, chinali kukumbukira dongosolo lake: dzanja limodzi pa windo, lina pa chomangira lamba, kudikira kuti chibokosicho chisiye kuzungulira, kukankha windo, kenaka kumasula lamba. Suti imene mumavala imakuyandamitsani, ndipo akatswiri osambira pansi pa madzi amakhala pambali panu nthawi yonse. Komabe muwauze aphunzitsi tsiku loyamba lomwelo kuti simudziwa kusambira, ndipo musanapite mukazolowere kumiza mutu m'madzi popanda kupupuluma.

Pa nsanjapo ntchito imakhala ya maola 12 pa tsiku, kawirikawiri kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo wantchito wamba salowa m'nyanja.

Ngati muli ndi mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena la makutu, chonde kaonaneni kaye ndi dokotala wovomerezeka kupima ogwira ntchito panyanja musanalipire maphunzirowo.